Woyeza Sanayeze

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
ndinaima pa sikelo ku esiteti,
kuyeza tiyi wa anthu.
Dengu lonyowetsedwa dala ndinkalidziwa lisanatsike kumsana;
mwala wobisidwa pansi pa masamba
ndinkaumva m'kayendedwe ka mwini wake.
Ankanditcha Diso.

Diso lomwelo ndi limene linapita ku Luchenza
Lachisanu lina, penshoni ili m'sokosi,
n'kukalowa mumpanda wa waya
momwe magalimoto anandanda ngati ana a kwaya.
Mnyamata wa tayi wofiira, Liginasi,
anasisita boneti n'kuti,
"Iyi, bambo, inali ya nesi wina ku Japani,
kuntchito n'kubwerera, basi.
Imangonunkhiza mafuta, simwa."
Anandipatsa fanta wozizira.
Sindinagwade n'komwe kusuzumira kunsi,
ndinaopa kudetsa buluku la Sabata.

Masiku asanu ndi anayi ndinali munthu.
A Namulewa ankakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo,
kupatsa moni ngakhale mitengo ya bulugamu.
Tsiku lakhumi, pa chikweza cha ku Thyolo,
inatsokomola kawiri
n'kufuka ngati ng'anjo ya njerwa.
Akabaza anatidutsa akuliza belu.
Mayi wina amene kale ndinamudula makilo atatu
anaima, nkhuni kumutu, n'kutiyang'ana bwinobwino.
Sananene kanthu.
Bola akadanena.

Wedisoni, makaniko wa pa Bvumbwe,
anapisa chala mu giyabokosi n'kundionetsa:
utuchi.
Boola la mu rediyeta analimata ndi sopo.
Anagogoda chitseko, chinayankha ngati chipupa cha dothi,
pansi pa penti panali phala lokhalokha.
"Nanga mamailosi ochepawa?" ndinafunsa.
Anaseka mpaka kukhala pa tayala.
"Wotchi, madala, imabwezedwa m'mbuyo.
Nesi wanuyo ankasenza matumba a nandolo ku Muloza."

Ndinabwerera ku Luchenza pa minibasi.
Liginasi akuti wapita kumaliro.
Sabata inayo, maliro ena.
Ulendo wachitatu ndinapeza bwana wake
akudya chinangwa chokazinga, mapazi patebulo.
Anatulutsa pepala, n'kuloza timalemba tapansi,
tating'ono ngati nsabwe za nkhuku:
wagula monga waionera.
M'munsi mwake munali siginecha yanga,
ija yopindapinda ndinkanyadira nayo m'kaundula wa tiyi.
Bulubuku mpaka lero ikubwera mawa,
ndipo dzina lili mmenemo n'la munthu
amene foni yake imayankhidwa ndi mayi wa kampani.

Ndagulitsa mbuzi zinayi kugulira pampu.
Pampu itachira, inadwala kilatchi.
Kilatchi itachira, chiperoni chinalowa padenga
n'kumeretsa bowa pansi pa mpando.
A Namulewa anasiya kufunsa.
Akati "mkazi mnzanga uja wadzuka bwanji?"
ndimadziwa kuti lero ndiwo zilibe mafuta.

Tsopano ili pansi pa mpeyala, pa njerwa zinayi.
Usiku peyala likagwa padenga pake, phu!
ndimadzidzimuka, kuyesa wina akugogoda kudzabweza ndalama.
Nkhuku yathu yamawanga yaikira mazira khumi ndi awiri kumpando wakumbuyo,
phindu loyamba chigulireni.
Adzukulu amakhala pa chiwongolero
kupita ku Limbe ndi pakamwa,
ndipo amafika, iwo, tsiku lililonse.

Loweruka ndimaitsukabe.
Musandifunse chifukwa.
Ndikamapukuta galasi ndimaona phiri la Mulanje kumbuyo kwanga
ndi nkhope ya mkulu wina
amene ankadziwa kulemera kwa mame pa tsamba
koma anagula chitsulo cholemera tani yathunthu
atangomva kuzizira kwa botolo m'dzanja.

Dzulo mayi wa makilo atatu uja anadutsa pamsewu.
Ndinamuitana, n'kumupatsa mapeyala odzaza nsalu.
Anawanyamula, kuwayeza m'manja,
n'kuti, "Akwana."