Loweruka ku Dehiwala, Lamlungu Kumchenga

Sabata yonse ntchito yanga ndi lilime:
kulawa tiyi, kumuchukucha m'kamwa, kumulavula,
makapu zana dzuwa lisanafike paliwombo.
Loweruka lilime limapuma.

Thushari wa ku ofesi anati, "Tiyeni mukaone abale anu,"
nagwira pakamwa mawu atathawa kale.
Ndinaseka, koma mochedwa pang'ono.

Tukutuku wa Fazal anatikhutula pageti la zuu ku Dehiwala
mafupa akunjenjemerabe.
Pazenera la matikiti mlendo ali ndi mtengo wake.
Ndinalipira osatsutsa.

Senuka, mwana wa Thushari, mano awiri akutsogolo kulibe,
anandikoka chala kudutsa anyani, kudutsa mvuu
yomira mpaka m'makutu m'dziwe la simenti,
mpaka pamene khosi lalitali linkadyera m'mwamba.
"Kwanu amabwera pakhomo?"

Ndikanamuuza bwanji mwana
kuti zaka makumi anayi ndi zitatu
nyamalikiti ndinkamudziwira pachikuto cha kope,
kuti ndakwera ndege ziwiri
kudzamuona koyamba kuseri kwa waya?
Ndinati, "Amabwera, koma usiku."
Bodza linatuluka losalala ngati lozolowera njira.

Pachikwangwani panalembedwa kwawo kwa nyamayo
m'zilembo zopotana ngati mphete za tsitsi,
ndipo m'munsi, mawu amodzi amene ndinatha kuwerenga: Afirika.
Bambo wina wa malaya a maluwa anandipempha chithunzi,
osati chake, changa,
nditaima pomwepo, pafupi ndi chikwangwani.
Ndinaima. Ndinakonzanso kolala.
Nyamalikiti anangotafuna, maso ali kutali,
ngati wogwira ntchito yakale amene sadabwanso makasitomala.

Usiku fani inazungulira, ine ndikuwerenga ming'alu ya siling'i.

Lamlungu ndinapita ndekha.
Sitima ya ku Mount Lavinia imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi,
anyamata atalendewera pazitseko,
malaya atafufuma mphepo.
Ndinatsika, nsapato m'manja,
mchenga ukundilanga kuphazi.

Mayi wa chinanazi anathira mchere ndi tsabola osandifunsa,
nanena mtengo ndi zala.
Khwangwala, amene pano savala kolala yoyera,
anandilanda chidutswa chachiwiri m'dzanja.
Mayiyo anaseka mpaka anakhala pansi,
kenaka anandipatsa china, chaulere,
akukalipira mbalameyo ndi dzina.
Zikuoneka kuti ndi akalekale.

Madziwa salola munthu kuwamwa.
Ndinalowa mpaka m'mawondo, buluku litapindidwa,
funde linandimenya m'chifuwa
ndi kundidzaza mkamwa.
Lilime, poiwala kuti lili patchuthi, linayamba ntchito:
mchere wambiri, chitsulo pang'ono, dizilo wa bwato kumapeto.
Ndinalavula. Giredi yotsika.

Mkulu wina wokoka ukonde, salu yomanga m'chiuno,
anandiona ndikuyang'ana kumadzulo nthawi yaitali.
Analoza ndi chibwano, nagwedeza mutu,
kaya kunena kuti ndi uko, kaya kunena kuti kulibe kanthu.
Kenaka anandipatsa chingwe.
Ndinakoka nawo, wachisanu ndi chitatu pamzere,
osadziwa mawu a nyimbo koma phazi likudziwa pogwera.
Palibe anandijambula.
Muukonde munali tinsomba tosadzaza ndowa
ndi patapata mmodzi wabuluu.

Zikhatho zinatuluka matuza.
Lolemba supuni inkandivuta kugwira.

Thushari anandisiyira pepala padesiki,
osayang'ana kumaso kwanga.
Senuka anajambula nyumba ya zenera limodzi,
mwezi pamwamba,
ndi nyamalikiti ataweramitsa khosi pakhomo,
akugogoda ndi mphuno.
Pazenerapo munthu wa kolala, maso aakulu, akusuzumira.

Ndalimata pafiriji.
Madzulo ena ndikamva phokoso pamasitepe
ndimachepetsa wailesi.