Kiyi Wotsala

Zaka zisanu ndi ziwiri chimwalirire iwe, Nélida,
dzina lako lakhala likunditsegulira zitseko.
Ku banki, ku ofesi ya magetsi, pa imelo,
ngakhale kwa ogulitsa nsambo za piyano ku Hamburg,
ndinkangolemba iwe ndi chaka chimene tinakwatirana.

Lachiwiri lapitali munthu wosadziwika
anakulemba ali kutsidya kwa nyanja,
nagula matayala anayi a galimoto.
Ine galimoto ndilibe.
Ndimakwera basi ya ku Cordón
nditakumbatira chikwama cha zitsulo zochunira.

Maite anaimba kuchokera ku Bilbao.
Kwao kunali kutada,
kuno dzuwa likadali pa madenga a Montevideo.
"Bambo, kiyi mmodzi pa nyumba makumi anayi?
Wotola ameneyo watola mzinda wonse."
Anandiyendetsa pang'onopang'ono ngati wakhungu pamlatho,
dinani apa, ayi, pansi pakepo,
mpaka pulogalamu yosunga mawu achinsinsi inakhazikika.

Kanthu kameneka kamabereka kokha mawu.
Ndikadina kamodzi kamalavula zilembo makumi awiri,
q wamng'ono, seveni, kanyenyezi, Z wamkulu,
kena kopindika ngati mbedza.
Mawu opanda mayi.
Lilime silingawanyamule,
ndipo nditawaimba pa piyano
agalu a mumsewu wathu akhoza kuuwa mpaka kucha.
"Ubwino wake ndi womwewo," anatero mwana wako.
"Palibe anawakondapo, ndiye palibe angawalote."

Ndinasintha a ku banki pa kompyuta ya pabalaza.
Ndisanathe kupukuta magalasi
anali atafika kale mu foni, m'thumba la jekete,
ndi pa tabuleti yako yong'aluka pakona,
ija unkawerengapo kaphikidwe ka nsomba.
Izi zokha ndinazimva msanga.
Mawu ambiri a piyano amatuluka pa nsambo zitatu.
Imodzi ikatsalira pang'ono, khutu limamva kunjenjemera,
ndipo moyo wanga wonse ndadyera kuzigwirizanitsa.
Apa zagwirizana zokha, popanda dzanja langa.

Chovuta chinali kukufufuta.
Kamakumi anayi ndi kamodzi ndinachotsa dzina lako,
makina akufunsa mwaulemu ngati ndatsimikiza.
Pa magetsi ndinatsimikiza.
Pa misonkho sindinazengereze, unkadana nayo.
Pa zithunzi zathu za ku Piriápolis
ndinadzuka, ndinakatereka madzi,
ndinaima pazenera mpaka ketulo inauma.

Koma pali kiyi mmodzi amene makina sangandisungire,
wotsegula bokosi la makiyi onsewo.
Ameneyo agone m'mutu mwanu, anatero Maite.
Asakhale dzina, asakhale tsiku lobadwa,
akhale wautali, woti inu nokha simungamuiwale.
Ndinayenda m'mbali mwa mtsinje, mphepo ikundikankha,
ndikufukula zaka makumi atatu ndi zinayi
kufuna chinthu chimene sichinalembedwe paliponse.

Ndinachipeza pafupi ndi asodzi a ndodo.
Mawu aja unkandikalipira nawo
ndikalowa m'nyumba ndi nsapato zonyowa,
asanu ndi awiri, limodzi lotukwana pang'ono.
Sali pa chikalata cha ukwati, sali pamwala wa manda ako.
Maite sawadziwa, unkadikira kuti agone.
Pano sindiwalemba.

Tsopano m'mawa uliwonse zala zimathamangira pa N
ngati hatchi yozolowera njira yakale.
Ndimazibweza.
Kenako ndimalemba kukalipa kwako, chilembo ndi chilembo,
zitseko makumi anayi ndi chimodzi n'kutseguka,
ine n'kuyang'ana pansi
kuona ngati ndavula nsapato.