Chifuwa cha Pickersgill

Wapositi wagogoda mvula ikuwaza pa Sheffield,
kaphukusi kopepuka ngati mulibe kanthu.
Ndang'amba ndi mano, poti zala masiku ano
zili ndi mwini wake, nyamakazi.

Pachikuto pali mnyamata wa tsitsi lofika m'mapewa,
wapinda msana, gitala ili m'mwamba,
kukamwa yasa ngati waponda msomali.
Pansi pake alemba dzina langa, Royston Hinchliffe,
akuti nyimbo zake zimene zinagwedeza dziko.
Ndamuyang'anitsitsa. Sindikumukhulupirira.
Thalauza wavalayo ndinachita kubwereka.

Zilimo khumi ndi zisanu ndi zitatu.
Zaka makumi asanu azifinya ngati chovala chochapa
n'kutsala madontho amenewa.
Osankha ndi anyamata a ku London
amene anabadwa ine dazi litayamba kale.
Anawerenga ndalama, ndipo sanaphonye.
Mulibe ija ndinapeka m'khonde la chipatala
Doreen ali m'kati, ine ndikuluma zikhadabo.
Mulibe ija tinaimbira anthu asanu ndi galu ku Grimsby
vani itatifera panjira, chisanu chikulowa m'mafupa.
M'kabuku ka m'kati wina walemba kuti sindinkaopa kanthu.
Akanafunsa ndowa
imene inkandidikira kuseri kwa nsanja usiku uliwonse.

Yachisanu ndi chiwiri ndaidumpha, kenako ndabwerera.
Chapakati pake chala chinaterereka,
nsambo yachitatu n'kulira mokhota.
Ndinapempha kuti tibwereze, anati ya situdiyo yatha.
Dzana, m'sitolo ya zoimbira,
ndinapeza kamtsikana ka yunifolomu ya sukulu
kataluma mlomo, kakubwereza, kakubwerezanso,
kufuna kuphonya ndendende mmene ndinaphonyera ine.
Ndinalipira nsambo zanga n'kutuluka osanena kanthu.

Koma yandikhazika pansi ndi yomaliza.
Pa chimbale chakale, chakuda chija,
nyimbo isanayambe
Pickersgill ankatsokomola kawiri,
chifuwa cha fumbi la ku fakitale ya zitsulo,
kenako timitengo take, ke, ke, ke, ke,
ife n'kugweramo tonse ngati khoma.
Lero nyimbozi azitsuka ndi makina,
akuti mawu tsopano ayera, mbee.
Chifuwa chija achotsa.
Ndakweza mpaka mawindo kunjenjemera,
khutu langa lotsala, lakumanzere, ndaligunditsa pa sipika.
Zii.
Kenako ng'oma zongodziyambira zokha
ngati palibe munthu wakhala kumbuyo kwake.

Tinamuika mu Novembala, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo.
Ine ndinkayesa munthu amaikidwa kamodzi.

Madzulo mdzukulu wanga Imogen waimba foni:
Agogo, mwachiona? Anzanga akuti muwasainire.
Ndati ubwere nawo Loweruka,
usaiwale cholembera chonenepa
choti zala izi zithe kugwira.

Tiyi wazizira patebulo.
Ndatsitsa gitala pakhoma, nsambo ziwiri zachita dzimbiri,
zatsopano zija zikadali m'thumba la jekete.
Sindikuimba ayi. Ndangoikhazika pamwendo,
ndabwezera nyimbo ija poyambira,
ndipo m'kampata kaja,
makina asanatulutse ng'oma,
ndatsokomola kawiri.