Funso Lachisanu ndi Chiwiri

Mvula ya Mzuzu sigogoda.
Ine ndagogoda, ku Masasa,
mapepala m'jumbo, cholembera kukhutu.

"Dzulo munadya kangati?"
NyaMhango ayang'ana mwana,
mwana ayang'ana nsapato zanga.
"Kawiri," atero.
"Kodi tiyi timawerengera?"

Fomu yanga ilibe bokosi
la tiyi wopanda shuga,
la nthochi zitatu zangongole ku Zigwagwa,
kapena la mayi wonama kuti wakhuta
kuti mbale ikwanire ana.

Ndakulunga tepi pamkono wa Vitumbiko.
Yaima pachikasu,
chala chimodzi kufika pofiira.

Ndalemba: kawiri.

Potsanzika andibenthulira chinangwa chootcha.
"Mlendo sachoka chimanjamanja."
Ndatafuna panjira, nditagwira fomu kukhwapa,
ndikufunafuna mzere
woti ndilembepo ichi.