Nyenyezi ya Mtovu

Masana ndimakonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Limbe,
usiku ndimadzutsa zitsulo zomwe zinapita kunkhondo.
Anzanga ali pa bawo, ena ku mpira,
ine ndili pa tebulo langa ku Chilomoni
ndi mswachi wotha, mandimu awiri, phulusa la pambaula,
kupukuta baji ya msilikali wa Keyala
mpaka kalipenga kojambulidwapo katayambanso kuoneka.

Ndili ndi botolo la madzi lopinimbira pamimba,
lamba wouma gwa ngati chikopa cha ng'oma,
chipewa chachitsulo chomwe ndinachipeza ku Mbayani
nkhuku ikuikiramo mazira.
Dzimbiri sindilichotsa lonse.
Ukapala kwambiri umachotsa ndi munthu yemwe.

Loweruka lija la chiperoni,
phiri la Ndirande litafunda mpaka kumapazi,
kunabwera mayi Namaona a ku Bangwe,
mphunzitsi wopuma, choko chikadali m'mawu.
Anamasula kansanza, mfundo zitatu.
"Iyi ndi nyenyezi ya bambo anga a Lasiteni, ya ku Bama.
Sindikugulitsa ayi.
Mungondiuza kuti ndi yeniyeni, adzukulu amve."

Ndinaiika pachikhatho. Dzanja limadziwa maso asanaone.
Inalemera molakwika.
Ndinaigwetsa pang'ono pagalasi,
mkuwa umalira, iyi inangoti phi.
Pansi pa diso langa la mawotchi
ndinaona msoko m'mbali, pomwe chikombole chinakumana,
zilembo zofufuma ngati mandasi,
utoto wagolide ukusupuka pansonga,
mkati mwake mtovu, wotuwa ngati wa m'batire.
Ntchito ya mmisiri wa kuno konkuno,
wina wa nyundo ndi mvukuto, amene anayesetsa ndithu.

Koma kansanza kaja.
Ndinakayala pansi pa nyali:
khaki wokhuthala, ulusi wa makina akale,
ndipo pakona, inki itazilala ngati mphini za nkhalamba,
nambala ya msilikali.
Nsalu iyi inamwa thukuta m'nkhalango zomwe sindidzazionako.
Riboni nayo ndi yeniyeni, yodyeka pomwe pini inkalowa
chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala.

Ndiye yeniyeniyo inapita kuti?
Sindinafunse. Mayiwo ankangoyankhula okha,
maso ali pa chipewa chachitsulo:
"Ankalondera pa fakitale ku Makata, malipiro a mchere.
Mpaka lero sindidziwa kumene anapeza fizi
chaka chomwe ndinasankhidwa kupita ku sekondale.
Anangobwera madzulo ena ndi sutikesi yatsopano
ndi nsapato zakuda, osanena kanthu."

Wotchi ya pakhoma inagunda kasanu ndi kawiri pakati pathu.

M'kaundula wanga muli mizere iwiri yokha,
yeniyeni kumanzere, yabodza kumanja.
Zaka makumi awiri cholembera changa sichinazengerezepo.
Anyamata a pa msika amandidziwa,
akandiona amabisa mabatani awo okwiriridwa dala m'matope.
Koma bambo amene anaguba pamzere ndi anzake,
chifuwa patsogolo, mtovu ukulendewera pamtima,
akudziwa yekha kuti nyenyezi yake
ili m'kalasi, yavala yunifolomu, ikuphunzira kugawa manambala,
ameneyo ndimulembe mbali iti?

Ndinati, "Mayi, nsaluyi ndi riboniyi zinapitadi kunkhondo
kapena zinabwera nayo. Nyenyeziyi inabadwira m'Blantyre muno."
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
monga ankayang'anira mwana wopeza ansala mwa njira yakeyake.
Kenako anawerenga zaka ndi zala, milomo ikugwedera.
Anafika pa chala china n'kuima.

"Ipukuteni basi," anatero.

Sindinathire ndimu, mtovu sufuna ukali.
Ndinangoipukuta ndi kansalu kofewa, nsonga zonse zisanu ndi imodzi,
n'kuimanganso mfundo zitatu.
Atapita kukakwera minibasi
ndinatsegula kaundula, ndinatenga rula,
ndinajambula mzere wachitatu.
Mutu wake sindinaupezebe.