Lachinayi, Pansi pa Shopu ya Makiyi ku Grimsby

Khutu langa lamanzere linafa mu 1981.
Linafera muno, pafupi ndi sipika
imene tinagula kwa munthu wina padoko
osamufunsa kumene anaitenga.
Adokotala amati ndi chilema.
Ine ndimalisunga ngati lisiti.

Masiku amenewo zombo zinali zitagona pachingwe,
dzimbiri likuzidya m'mimba,
abambo athu akuzungulira tauni manja ali m'matumba
ngati muli kanthu koti asunge.
Pamwambapa bambo Tuplin ankadula makiyi a zitseko.
Pansi pano ife tinali ndi makiyi atatu okha a gitala,
ndipo palibe chitseko chimene anatsegulapo.
Tinkangomenya, kumenya,
mpaka aneba kuitana apolisi.

Glenys ankalavula mawu ngati minga ya nsomba.
Ankawalemba kuseri kwa makalata a ngongole ya magetsi:
za mayi ake osenda nsomba m'fakitale
mpaka zala kuuma gwa ndi chisanu,
za mbalame zam'nyanja zolimbirana chipisi pamanda,
za Terence Haxby, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
amene nyanja inangobweza nsapato yake imodzi.
Mphindi ziwiri, nyimbo yatha.
Wofuna kulira azilira msanga.

Anthu ankati panki ndi phokoso la ana,
litha limodzi ndi ziphuphu.
Ziphuphu zinathadi.
Tsitsi lija tinkaliimika ndi sopo linatha nalonso,
Clive wa besi anapita ndi mapapo ake,
Glenys wayendetsa basi zaka makumi awiri ndi mphambu,
ine ndimapenta nyumba za eni.

Koma Lachinayi likafika timatsika masitepe khumi ndi anayi,
bondo likung'ung'udza pa sitepe iliyonse,
ndipo pansipo timapeza ana.
Sitinawaitane.

Tegan anameta mutu mbali imodzi.
Usiku amalongedza makatoni m'nyumba yosungira katundu
mmene makina amamuwerengera mphindi za kuchimbudzi.
Kaseti yathu anaipeza m'bokosi la malemu amalume ake,
nayenda miyezi iwiri kusaka choiyimbira.
Lero ndiye wakoleka besi ya Clive pakhosi.
Amaphonya pomwe Clive ankaphonya.
Palibe amamukonza.

Tsiku lina ndinamufunsa:
nyimbo zosalala zili mbwee m'foni mwakomo,
ukudzatani kuno konunkha chinyontho ndi mowa wadzana?
Anayamba wamanga chingwe cha nsapato, kenako anati:
«Zija zimandisisita, bambo Roy.
Ine pakundiyabwa.»

Sindinamuyankhe. Ndinakhala pampando wanga wong'ambika,
ndinaombanitsa timitengo kanayi.

Glenys, magalasi ali pamphuno,
mapiritsi a mtima ali m'thumba la jekete,
anagwira chimkuzamawu ngati khosi la munthu amene ali naye ngongole.
Mawu ake tsopano ndi khasu lopala pamwala,
koma dzina la Terence limatulukabe lathunthu,
ndipo ana obadwa nyanja itaiwala kale za iye
amalibweza ndi kukhosi konse,
kugundana mapewa, kugwa, kudzutsana,
thukuta kuchita kudontha kuchokera kudenga.
Mnyamata wina wamagalasi ochindikala
amene sanayankhulepo ndi munthu chibwerereni
anali kutsogolo, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo.

Fumbi linagwera m'matambula.
Kumwamba, m'shopu yotseka,
makiyi mazanamazana ankanjenjemera pamisomali yawo,
ndipo ndikulumbira, khutu lakufa lija linawamva.

Ola la khumi ndi limodzi tinazimitsa.
Zii.
Glenys anakhala pa bokosi, kupuma ngati wathamangitsidwa,
nafunsa ngati wina ali ndi madzi.
Tegan anapukuta magazi pachala ndi malaya,
nathamangira basi ya kuntchito.

Mawa ndili ndi khitchini ya anthu ku Cleethorpes.
Akufuna penti ya mtundu wa kirimu.