Chikasu pa Mkanjo wa Che Mbwana

Zaka khumi ndi zinayi ndili pakhonde ili,
khonde la sitolo ya Mayi Kantabeni
pamsewu wotsikira ku mlatho,
sizasi kudzanja, phazi pa makina,
fumbi la Mangochi likundiyeretsa nsidze.

Ululu unabwera ngati wobwereka singano,
mwaulemu, pang'onopang'ono,
apa pomwe anzanga amamanga wotchi.
Pofika sabata ya Idi
unali utayala mphasa, utavula nsapato.
Ndikati ndidule nsalu, sizasi ikudula ine.
Ndikati ndikweze kapu ya tiyi,
mfundo ya dzanja ikuti: ayi, lero ayi.

Mayi Kantabeni anandionera pawindo
ndikutsegula botolo la oyilo ndi mano.
"Twaibu, bwera nalo kuno dzanjalo."
Anagwira, anapinda pang'ono, ine mayo!
"Kwathu ku India timati vata.
Mphepo yalowa m'mfundo."
Ndinaseka misozi ili m'maso.
Malemu mayi anga ku Namwera
ankanena mphepo yomweyo.
Kaya inawoloka nyanja zingati
kuti idzandipeze pakhonde.

Anatulutsa kachiwaya kakuda bii,
mafuta a chitowe, adyo wophwanya,
pamoto mpaka fungo linafika kwa ogulitsa chinangwa.
"Akafunda uzisisita chokwera,
usamafikise ngati ukuchapa kolala."
Kenako chikasu chosinja ndi jinja,
kaphala kolimba, kumata pamfundo,
kumanga ndi chidutswa cha yunifolomu.
Usiku mchere wokazinga m'kansalu,
kuthowa mpaka utazizira.

"Koma mankhwala aakulu ndi awa:
usiye sizasi masiku asanu.
Zala zikachita dzanzi, pita kuchipatala,
usadzati Mmwenye anandigoneka pakhomo."

Zonse ndinamvera kupatula sizasi.
Mkanjo wa Che Mbwana unali pamsomali,
woyera mbee, wosowa khosi ndi thumba,
ndipo Lachisanu silidikira dzanja la munthu.
Ndinasoka usiku, nyali ikuphethira,
ndikuluma mlomo pa msoko uliwonse.

Kutacha, pachifuwa pa mkanjo
panali zala zanga zitatu,
zachikasu ngati papaya wakupsa.
Sopo analephera. Ndimu analephera.
Che Mbwana anautambasula padzuwa,
anayang'ana nthawi yaitali, nati,
"Atelala, ndinati thumba,
inu mwandisainira pamtima."
Ndinalipira nsalu. Ndalama ya masiku anayi.
Dzanja nalo linatupa, kulipiritsa yake.

Tsopano akudula ndi Saujati, mwana wanga.
Amakhotetsa pang'ono pakhwapa,
ndimaona, ndimameza mawu.
Ndakhala pa benchi, dzanja pabondo
ngati mlendo wodikira kuitanidwa,
ndikununkha adyo moti ntchentche zikundilambalala.
Mayi Kantabeni amasuzumira masana alionse:
"Wagwira sizasi?"
Ndimakweza manja onse awiri ngati wogwidwa.

Lero ndakweza kapu mpaka pakamwa.
Tiyi sanatayike.
Mphepo ija sinasamuke yonse,
imatsokomolabe kukazizira m'mawa,
koma yapinda mphasa yake.

Mkanjo uja ndinaung'amba timizeremizere.
M'Mangochi monse muno
palibe womanga dzanja ndi nsalu yodula ngati yanga.